Kuzindikira timbalame todya njere: mpheta, mapingo ndi tinzake, m'munda ndi m'khola

Mawu oyamba

Mapira, mawere, mchewere, mpunga wa m'madimba ndi mpendadzuwa zikayamba kukhwima, alimi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma mumakhala tcheru ndi mbalame. Timbalame todya njere tilipo mitundu yambiri, ndipo pamudzi timangotitcha mpheta, atchete kapena mapingo. Mayinawa amasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo nthawi zina dzina limodzi limaimira mitundu isanu kapena kuposerapo. Koma si tonse timene timawononga mbewu. Ina mwa mitunduyi ikhoza kutha munda wa mapira m'masiku ochepa, pomwe ina imangotola njere za udzu ndi tizilombo.

Tsamba lino likuthandizani kusiyanitsa mbalamezi pogwiritsa ntchito maso anu okha. Taikamonso mayina a Chingerezi ndi a sayansi kuti mukamapereka lipoti kwa alangizi muzimvana bwino.

Chifukwa chiyani muyenera kuzidziwa?

1. Mukaizindikira msanga mbalame yowononga kwambiri, alangizi amalandira uthenga nthawi ikadalipo.
2. Simutaya nthawi ndi ndalama polimbana ndi mbalame zimene sizikukulakwirani.
3. Zambiri mwa mbalamezi zimadyetsa ana ake mbozi, ziwala ndi ngumbi, ndipo zimadya njere za udzu umene ukanadzamera m'munda mwanu.
4. Ngati mukufuna kugula kapena kuweta timbalame ta m'khola, mudziwa kusiyanitsa toweta ndi togwidwa kutchire, ndipo mupewa kuphwanya malamulo.

Zinthu zisanu zoyang'ana

Mlomo. Yambani ndi mlomo nthawi zonse. Mbalame yodya njere ili ndi mlomo waufupi, wonenepa kutsinde ndi wosongoka kunsonga, wotha kuswa njere. Ya mlomo wowonda ngati singano, monga timba, imadya tizilombo: isiyeni. Onaninso mtundu wa mlomowo, kaya ndi wofiira, wakuda kapena wotuwa.

Msinkhu. Yerekezani ndi cholembera cha mwana wa sukulu, chomwe chimatalika pafupifupi masentimita 15. Mpheta zikuluzikulu zimafanana nacho, pomwe mapingo amalekezera pa masentimita 9 mpaka 13.

Nthenga. Onani mutu, chifuwa, msana, pamwamba pa mchira ndi kutalika kwa mchirawo. Onaninso ngati msana uli ndi mizere kapena ayi.

Gulu. Kodi zili ziwiriziwiri, khumi, makumi angapo, kapena ndi khamu losawerengeka?

Malo ndi chisa. Kodi mwaiona pabwalo la nyumba, m'bango, m'tsekera, kapena mu mtengo wa minga monga mthethe? Chisa chake n'cholukidwa bwino kapena ndi udzu wongounjika?

Nthawi yabwino yoonera mbalame ndi m'mamawa dzuwa likangotuluka komanso madzulo. Khalani pansi phee, dzuwa lili kumsana kwanu. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, khalani pafupi ndi chitsime cha kudimba kapena thamanda la mumtsinje wa Namitete kapena Nambuma, chifukwa mbalame zodya njere zouma zimabwera kudzamwa madzi kawirikawiri.

Dziwani izi: nthenga zimasintha ndi nyengo

Apa ndi pamene alimi ambiri amasokonezeka. Mpheta zazimuna zimavala nthenga zowala, zachikasu, zofiira kapena zakuda, m'nyengo ya dzinja pamene zikuswana, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo. Nyengoyi ikatha zimathothoka n'kumera nthenga zofiirira ngati udzu wouma, za mizeremizere, zofanana ndi zazikazi. Choncho mbalame yofiira imene munaiona m'bango mu Febuluwale siinasamuke ayi: mu Ogasiti ilipobe, yangovula. Mapingo ndi mbalame zoimba zachikasu sizisintha chotere. Zimaoneka chimodzimodzi chaka chonse.

Gulu loyamba: mpheta ya mlomo wofiira, kweleya

Iyi ndiye yofunika kuidziwa kuposa zonse. Pa Chingerezi amati red-billed quelea, ndipo dzina la sayansi ndi Quelea quelea. Imatalika masentimita 12 ndipo imalemera magalamu 15 mpaka 26, kutanthauza kuti pamafunika mbalame pafupifupi 50 kuti zikwane kilogalamu imodzi.

Maonekedwe ake ndi awa:
- Mlomo wonenepa, wofiira. Yaikazi mlomo wake umasanduka wachikasu pa nthawi yoswana.
- Msana wa mizere yakuda ndi yofiirira, mimba yoyererako, mchira waufupi.
- Kamzere koyera pamwamba pa diso ndi kamkombero kofiira kuzungulira diso.
- Yaimuna m'dzinja imakhala ndi nkhope yakuda, zina yoyera, yozunguliridwa ndi nthenga zofiirira kapena zachikasu chotumbuluka.

Chizindikiro chachikulu ndi kuchuluka kwake. Khamu la kweleya likamauluka limaoneka ngati utsi kapena mtambo umene ukupindika wokha. Zikatera pansi, zakumbuyo zimadumpha zinzake n'kukatera kutsogolo, moti gulu lonse limaoneka ngati likugubuduzika. Usiku zimagona pamodzi m'bango kapena m'mitengo ya minga, ndipo phokoso lake limamveka patali.

Akatswiri amati palibe mbalame yakutchire yochuluka kuposa iyi pa dziko lonse: zikatha kuswana zimafika pafupifupi 1.5 biliyoni, zonse mu Africa muno. Zimamanga zisa zambirimbiri pamalo amodzi, kuikira mazira pafupifupi atatu obiriwira motumbuluka, ndipo mazirawo amaswa pakangotha masiku 9 kapena 10.

Chakudya chake chenicheni ndi njere za udzu wakutchire. Zimatembenukira ku mapira, mchewere, mawere, mpunga ndi tirigu makamaka njere za udzu zikachepa. Chimanga sizichivutitsa kwenikweni chifukwa njere zake ndi zazikulu ndipo zili m'makoko. Kawirikawiri amawerengera kuti mbalame imodzi ikhoza kudya ndi kutaya magalamu 10 patsiku. Ndiye kuti mbalame 10,000 zikhoza kuwononga makilogalamu 100, kapena kuti matumba awiri a makilogalamu 50, tsiku limodzi lokha. M'Malawi muno makamu aakulu amadziwika kwambiri ku Chigwa cha Shire ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, koma mbalamezi zimayenda mitunda yaitali potsata mvula ndi udzu wokhwima, choncho mlimi wa ku Lilongwe ayeneranso kuzidziwa.

Ili ndi mbale wake wopezeka m'madambo onyowa m'dzinja, red-headed quelea. Yaimuna mutu wonse ndi wofiira koma mlomo ndi wakuda, ndipo magulu ake amakhala ocheperapo.

Gulu lachiwiri: mpheta zachikasu zoluka zisa

Izi ndi zimene ena amazitcha atchete. Zaimuna ndi zimene zimaluka zisa zolendewera kunsonga kwa nthambi, khomo lili kunsi, nthawi zambiri pamwamba pa madzi kapena mu mtengo waukulu wa pamudzi. Ikamaliza, yaimuna imalendewera chadodolido pachisa, kukupiza mapiko ndi kulira kuti yaikazi ibwere idzaone.

- Village weaver, Ploceus cucullatus: yaikulu, masentimita 15 mpaka 17. Mutu wakuda, diso lofiira, msana wa mawanga akuda ndi achikasu. Imakhala m'magulu aphokoso. Imadya mapira, mpunga ndi mpendadzuwa, ndipo imatha kung'amba makoko kunsonga kwa chimanga chachiwisi.
- Southern masked weaver, Ploceus velatus: yocheperako. Nkhope yokha ndi yakuda, diso lofiira, msana wobiriwirako wopanda mawanga aakulu.
- Lesser masked weaver, Ploceus intermedius: yofanana ndi yapamwambayi koma diso lake ndi loyera mwachikasu, miyendo yotuwa, ndipo chisa chili ndi kakhosi kakafupi pakhomo.
- Spectacled weaver, Ploceus ocularis: yachikasu, diso loyera, kamzere kakuda kodutsa pa diso, mlomo wowonderako. Imayenda ziwiriziwiri ndipo chisa chake chili ndi khosi lalitali. Imadya kwambiri tizilombo. Ndi bwenzi la mlimi.

Palibe mpheta ya gulu ili imene ili ndi mlomo wofiira ngati wa kweleya. Dziwaninso kuti pa nthawi yolera ana, mpheta zimenezi zimatola mbozi ndi ziwala zambiri.

Gulu lachitatu: mpheta za m'madambo, zofiira ndi zakuda

M'madambo a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mumaona mbalame zofiira psuu ndi zakuda zitatera pamwamba pa bango kapena nsenjere, zitafufumitsa nthenga. Yaimuna imodzi imakhala ndi zazikazi zingapo, ndipo zisa zake zimalukidwa pakati pa mapesi a udzu, khomo lili m'mbali.

- Southern red bishop, Euplectes orix: pamphumi ndi pankhope pakuda, mapiko ofiirira ngati dothi. Imakonda bango la m'madzi.
- Black-winged red bishop, Euplectes hordeaceus: pamwamba pa mutu pofiira, mapiko ndi mchira zakuda bii. Imapezeka m'udzu wautali ndi m'mphepete mwa minda.
- Yellow bishop, Euplectes capensis: yakuda, yachikasu paphewa ndi pamwamba pa mchira.
- Za mchira wautaliko: yellow-mantled widowbird ili ndi msana wachikasu, white-winged widowbird ili ndi choyera pa phiko ndi chachikasu paphewa, pomwe red-collared widowbird ili ndi mchira wautali kwambiri ndi kamzere kofiira pakhosi.

M'chilimwe mbalamezi zimasonkhana m'magulu a makumi kapena mazana, zonse zofiirira za mizere, ndipo apa ndi pamene anthu amaziyesa kweleya. Yang'anani mlomo: wa izi ndi wotuwa kapena wofiirira ngati nyanga, osati wofiira. Zimawononga mpunga, mawere ndi mapira a pafupi ndi dambo, makamaka mizere ya m'mphepete.

Gulu lachinayi: mapingo

Awa ndiwo aang'ono kuposa onse. Zisa zake sizilukidwa mwaluso; ndi mpira wa udzu wofewa wokhala ndi khomo m'mbali. Mazira ake ndi oyera.

- Bronze mannikin, Spermestes cucullata: masentimita 9 kapena 10, kulemera magalamu 10 okha. Mutu ndi khosi zakuda, mimba yoyera, m'nthiti muli timizere. Mlomo wam'mwamba ndi wakuda, wam'munsi wotuwa. Tiana take ndi tofiirira thupi lonse, moti mungayese mtundu wina. Timayenda m'magulu, timakwera phesi la udzu mpaka kuliweramitsa, ndipo tikadzidzimuka timaulukira pamodzi mu mtengo wapafupi. Mwa mapingo onse, aka ndi kamene kamavutitsa pa mpunga ndi mawere, koma pa munda waung'ono kuinga kumakwanira.
- Blue waxbill, Uraeginthus angolensis: ena amakatcha sisisi potsata kulira kwake. Nkhope, chifuwa ndi mchira ndi zobiriwira ngati kumwamba, msana wofiirira. Kamayenda tiwiritiwiri pabwalo ndi m'zitsamba za minga, ndipo kamakonda kumanga chisa pafupi ndi chisa cha mavu kuti adani aziopa. Kamatola njere zogwa pansi ndi chiswe. Sikawononga mbewu.
- Common waxbill, Estrilda astrild: mlomo wofiira, kamzere kofiira kodutsa pa diso, thupi lotuwa la timizere topingasa ting'onoting'ono, mchira wautaliko umene kamaugwedezera uku ndi uku. Kamakhala m'madambo ndi m'madimba.
- Red-billed firefinch, Lagonosticta senegala: kamene kamalowa m'khitchini ndi kutola gaga pamtondo. Kakamuna n'kofiira, kali ndi kamkombero kachikasu pa diso ndi timadontho toyera m'mbali mwa chifuwa. Kakakazi n'kofiirira ngati dothi, kofiira pamwamba pa mchira ndi patsogolo pa diso. Kamamanga chisa m'denga la udzu. Sikawononga munda.
- Green-winged pytilia, Pytilia melba: kakamuna kali ndi nkhope ndi khosi zofiira, mutu wotuwa, msana wobiriwira ngati tsamba ndi mimba ya mizere yakuda ndi yoyera. Kamabisala m'zitsamba.

Gulu lachisanu: zoikira m'zisa za anzawo

Mbalame izi sizimanga zisa. Yaikazi imakaikira mazira m'chisa cha mapingo, ndipo eni chisa amalera ana onse pamodzi. Tiana take tili ndi mawanga a m'kamwa ofanana ndi a tiana ta eni chisa, n'chifukwa chake makolowo sazindikira.

- Pin-tailed whydah, Vidua macroura: yaimuna m'dzinja ndi yakuda kumsana, yoyera kumimba, mlomo wofiira, ndi nthenga zinayi za kumchira zowonda, zotalika pafupifupi masentimita 20. Ndi yandewu, imathamangitsa mbalame zina pabwalo. Imaikira makamaka m'chisa cha common waxbill.
- Paradise whydah: mchira wautali komanso wotambalala, khosi lachikasu kumbuyo, chifuwa chofiirira. Mtundu wina umaikira kwa green-winged pytilia, ndipo wina umapezeka m'nkhalango za miombo monga ya Dzalanyama.
- Village indigobird, Vidua chalybeata: yaimuna ndi yakuda monyezimira thupi lonse, mchira waufupi, miyendo yofiira. Imaikira kwa red-billed firefinch ndipo imatsanzira nyimbo yake.

Zonsezi zimapalasa pansi kufuna njere za udzu. Si zowononga.

Gulu lachisanu ndi chimodzi: zoimba zachikasu ndi mpheta za panyumba

- Yellow-fronted canary, Crithagra mozambica: masentimita 11 mpaka 13. Mimba yachikasu, msana wobiriwirako, mutu wotuwa pamwamba, kamzere kachikasu pamwamba pa diso ndi kamzere kakuda kotsika kuchokera pa mlomo ngati ndevu. Imaimba mokoma, n'chifukwa chake imagwidwa kwambiri kuti iikidwe m'khola. Imadya njere za udzu ndi za zitsamba, ndipo imalawako mpendadzuwa ndi mawere.
- House sparrow, Passer domesticus: si ya kuno. Inafika ku South Africa pa sitima zapamadzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo inalowa m'Malawi m'zaka za m'ma 1960. Mumaipeza pa zigayo, m'misika ndi m'masitolo a pa Namitete, Nsaru ndi Mpingu. Yaimuna ili ndi khosi lakuda ndi masaya oyera.
- Grey-headed sparrow: mutu wotuwa wopanda mizere, msana ndi mapiko zofiirira. Imakhala m'midzi ndi m'mphako za mitengo.

Mpheta za panyumba zimavutitsa pa mphale ndi mbewu zoyanika, komanso pa chakudya cha nkhuku, osati m'munda kwenikweni.

Za mlomo wofiira zimene mungaziyese kweleya

1. Common waxbill: ndi yaing'ono, ili ndi mzere wofiira pa diso ndipo timizere take ndi topingasa thupi. Kweleya mizere yake imatsata msana.
2. Pin-tailed whydah ikavula mchira: mlomo ndi wofiira ndithu, koma pamutu pali mizere yakuda yooneka bwino, ndipo siyenda m'khamu lalikulu.
3. Red-billed firefinch: pamwamba pa mchira ndi pofiira, msana ulibe mizere, ndipo imakhala pakhomo.

Choncho musanene kuti mwaona kweleya pokhapokha zinthu zitatu izi zili pamodzi: mlomo wonenepa wofiira, msana wa mizere ndi mchira waufupi, komanso khamu la mazana kapena zikwi.

Zizindikiro za m'munda

Ngakhale musanaione mbalameyo, mbewu ikuuzani. Ngala za mapira kapena mpunga zoyera ndi zopepuka zimasonyeza kuti mbalame zinafinya njere zikadali ndi mkaka. Mankhusu ambiri pansi ndi zitosi zoyera pamasamba zimasonyeza gulu limene limabwera tsiku ndi tsiku. Chimanga chong'ambika makoko kunsonga kokha nthawi zambiri ndi ntchito ya mpheta zikuluzikulu zachikasu, ndipo chimanga chotere chimalowa madzi n'kuchita chuku. Ngati mapesi adulidwa ndipo ngala zakokeredwa pansi, ganizirani mbewa, osati mbalame.

Timbalame ta m'khola

M'tawuni ya Lilongwe muli anthu oweta timbalame tokongola m'makola a waya. Mukafuna kugula kapena kuweta, dziwani kuti pali mitundu yoweta yochokera kunja ndi mitundu ya kuno yogwidwa kutchire.

Mitundu yoweta:
- Zebra finch, yochokera ku Australia. Yaimuna ili ndi masaya ofiirira ngati lalanje, timizere takuda ndi toyera pakhosi, mawanga oyera m'nthiti ndi mlomo wofiira. Yaikazi ndi yotuwa, mlomo wake ngati lalanje. Tiana timayamba ndi mlomo wakuda. Iliponso yoyera thupi lonse.
- Bengalese finch, yomwe makolo ake ndi a ku Asia ndipo siipezeka kutchire. Ili ndi zigamba zoyera ndi zofiirira mosalongosoka. Yaimuna ndi yaikazi zimafanana. Yoimba ndiyo yaimuna. Musaisokoneze ndi bronze mannikin, yomwe ndi yocheperapo ndipo mutu wake ndi wakuda wonse.
- Java sparrow, yochokera ku Indonesia. Ndi yaikulu, pafupifupi masentimita 15, yotuwa, mutu wakuda, masaya oyera, mlomo wonenepa wofiirira. Kwawo imadziwika ndi kudya mpunga.
- Canary yoweta, yomwe makolo ake ndi a ku zilumba za Canary. Nthawi zambiri ndi yachikasu thupi lonse, yopanda mizere ya pankhope imene ili pa yellow-fronted canary ya kwathu.

Mbalame ya mlomo wokhota ngati mbedza, zala ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, si ya gulu lino. Ndi ya banja la zinkhwe. Chitsanzo ndi Lilian's lovebird ya ku Liwonde National Park, yomwe ndi yotetezedwa.

Zizindikiro zoti mbalame yagwidwa kutchire:
- Ndi ya mtundu umene mumauona m'munda kapena kudambo kwanu.
- Imadziwombetsa pa waya munthu akayandikira, ndipo ili ndi bala pamphumi kapena patsinde pa mlomo.
- Nthenga za kumchira ndi zothyoka, kapena pali zotsalira za ulimbo pa mapiko ndi miyendo.
- Ilibe mphete yosadula pa mwendo. Oweta ena amaveka mphete yotere kamwana kakadali ka masiku ochepa, ndipo singalowe pa mwendo wa mbalame yaikulu.

Kumbukiraninso kuti mpheta yofiira kapena ya mchira wautali ikaikidwa m'khola imavula nyengo ikatha, ndipo kufiira kwake kumazilala chifukwa chosowa zakudya za kutchire. Mbalame zambiri zogwidwa kutchire zimafa m'masiku oyambirira chifukwa cha mantha, njala ndi kuthithikana.

Ngati mukuweta mitundu yoweta, chitani izi:
- Ikani khola pamthunzi, posafika mphaka, makoswe ndi mphepo yozizira ya mu Juni ndi Julayi.
- Zipatseni mawere, mchewere, njere za udzu, masamba atsopano, mchenga woyera ndi zikamba za mazira zowiritsa ndi kusinja. Sinthani madzi tsiku lililonse.
- Musazipatse mbewu zachuku, zothira mankhwala a nkhokwe, kapena mapeyala, chifukwa mapeyala amapha mbalame.
- Mbalame yatsopano ikhale payokha masiku 30. Yodwala imafufumitsa nthenga, kugona masana, kukhala pansi pa khola ndi kuda kumbuyo ndi zitosi.
- Khola likhale kutali ndi nkhuku, abakha ndi nkhunda. Mbalame zimatha kupatsirana matenda monga chitopa ndi chimfine cha mbalame.
- Musamasule mbalame yochokera kunja. Ikhoza kufa, kapena kuswana n'kukhala vuto latsopano m'minda.

Zimene malamulo akunena

Nyama ndi mbalame zakutchire zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife, potsata lamulo la National Parks and Wildlife Act lomwe linakonzedwanso mu 2017 ndipo zilango zake zinakula. Kugwira, kusunga, kugulitsa kapena kutumiza kunja nyama zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Musanagwire kapena kugula mbalame yakutchire, funsani ku nthambiyi. Mukapeza mbalame zakutchire zikugulitsidwa zambiri m'makola, dziwitsani nthambiyi kapena a Lilongwe Wildlife Trust. Dziwaninso kuti mayiko a European Union analetseratu kugula mbalame zogwidwa kutchire kuyambira mu 2007, choncho musanyengedwe ndi munthu wokulonjezani msika wa kumeneko.

Kuteteza mbewu zanu

1. Gwirizanani m'mudzi kuti mubzale mapira, mawere kapena mpunga nthawi imodzi. Munda wokhwima wokha, moyambirira kapena mochedwa, ndi umene mbalame zonse zimathamangirako.
2. Palirani bwino ndi kutchetcha udzu wa m'malire usanabereke, chifukwa njere za udzu ndi zimene zimayamba kuitana mbalame.
3. Yambani kuinga mbalame njere zikangoyamba mkaka mpaka kukolola, makamaka m'mamawa ndi madzulo. Mangani nsanja, kokani zingwe zomangirira zitini ndi mapepala onyezimira. Ntchitoyi isajombetse ana kusukulu.
4. Sunthani zoopsezera pakatha masiku awiri kapena atatu, chifukwa mbalame zimazolowera msanga.
5. Ngala zosungira mbewu zivekeni timatumba tolowa mpweya. Musagwiritse ntchito neti yogonamo yoteteza ku udzudzu.
6. Kumene mbalame zimavuta chaka ndi chaka, funsani alangizi za mitundu ya mapira. Mapira ofiira owawirako sakondedwa ndi mbalame ngati oyera.
7. Kololani mbewu zikangokhwima, ndipo poyanika pakhale munthu.
8. Musathire poizoni m'madzi kapena m'madeya. Poizoni sasankha: amapha nkhuku, nkhanga, akadzidzi ogwira mbewa, agalu, ngakhale ana amene angatole mbalame zakufa n'kuwotcha.

Mukaona khamu la kweleya

Pitani kapena imbani foni kwa mlangizi wa zaulimi wa dera lanu kapena ku ofesi ya EPA tsiku lomwelo. Nenani izi: tsiku ndi nthawi, mudzi ndi mfumu yake, kumene khamu likuchokera m'mawa ndi kumene likulowera madzulo, malo ogona ngati mwawapeza, ngati zayamba kumanga zisa, mbewu imene zikudya ndi msinkhu wake. Ngati muli ndi foni yojambula, tumizani chithunzi pa WhatsApp.

Kulimbana ndi makamu aakulu ndi ntchito ya Unduna wa Zaulimi, mothandizana ndi bungwe la IRLCO-CSA lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia. Malawi ndi membala wa bungweli, ndipo limalondola dzombe lofiira, ntchemberezandonda ndi kweleya. Mankhwala opopera mbalamezi, monga fenthion, ndi oopsa kwa anthu, ziweto ndi mbalame zina, choncho si ogwiritsa ntchito mlimi payekha. Musadye kapena kugulitsa mbalame zotoledwa pamalo opoperedwa. Mukapezanso mbalame zambiri zitafa popanda chifukwa chodziwika, musazigwire ndi manja. Dziwitsani mlangizi wa ziweto.

Kwa inu alimi otsogolera

Khalani ndi kope lolembamo mbalame za m'dera lanu. Pa mtundu uliwonse lembani dzina limene anthu a m'mudzi mwanu amautchula, mtundu wa mlomo, mwezi umene mwauona, kuchuluka kwake ndi mbewu imene umadya. Funsani akuluakulu a m'mudzi, chifukwa ambiri amadziwa mayina ndi zisa za mbalamezi kuyambira ali ana. Pa tsiku la chionetsero cha m'munda, tengani alimi anzanu m'mamawa mukaime m'mphepete mwa dambo, aliyense atchule mbalame imene waona ndi chifukwa chake akuti ndi imeneyo. Pakatha nyengo ziwiri kapena zitatu, kope lanulo lidzakuuzani mwezi umene mbalame zimavuta kwanuko, ndipo gulu lanu lidzatha kusankha nthawi yobzala ndi kugawana masiku oinga mbalame mbewu zisanayambe mkaka.